Kamutu ka Giya ka a Kamwendo

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi alamu anga, chaka chimene tinavotera zipani zambiri. Anatopa kundidyetsa ku Kawale, ndiye tsiku lina anangonditengera ku galaja ya a Mbewe ku Biwi. Galaja yakeyo inali mpanda wamalata ndi mtengo wokolekapo tcheni chokwezera injini, basi. A Mbewe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mwezi uno ndi woyesa. Ukawononga cha kasitomala, njira ya kwanu ku Dedza ukuidziwa."

Kumudzi ndiye sindinkafunako ngakhale pang'ono.

Mwezi uli pafupi kutha, kunabwera galimoto imene ndinali ndisanaionepo: yofiira, yaifupi ngati yagwada, mipando iwiri yokha, denga lansalu lopinda. Eni ake, a Kamwendo, anali bambo achikulire amene anaigula kalekale kwa mzungu wina akubwerera kwawo. Loweruka ankafuna kutengera mwana wawo wamkazi ku tchalitchi kukamanga ukwati. Vuto linali kamutu kathabwa kogwira posintha giya, kamene kanang'ambika n'kumawacheka m'manja. A Mbewe anati kantchito kameneko ndi kanga.

Ku Biwi chinthu chikakana kumasuka timachiitanira bobojani, chisipanala cha mano chogwira mwamphamvu. Ndinali nditaigwira kale pamene ndinaona kaswitchi pamwamba pa kamutuko. Switchi pa giya? Ya chiyani? Ndinaitana a Mbewe. Anasuzumira, n'kukanda m'mutu.

"Aaa, izi ndiye zachilendo. Taika pansi bobojaniyo, tione."

Tinakulunga sikuludiraiva yaing'ono ndi kansanza n'kutukula kachivindikiro pang'onopang'ono. Pansi pake panali mawaya awiri opyapyala, olowera m'kati mwa chitsulo cha giya. Tinawatsata mpaka kunsi, tinapeza kuti amalowetsa giya yowonjezera yothamangira pamsewu wautali. Ndikanapotokola ndi mphamvu, akanadukira m'katimo. Tinawasolola, ndinamasula nati yapansi ndi sipanala, kamutu kanatuluka ndi dzanja lokha.

Nanga katsopano n'kukagula kuti? M'masitolo a zipangizo ankangondiseka. Ndinapita ku Mchesi kwa a Saidi, osema ziboliboli, nditanyamula kakaleko. Anakayeza, anasema kena, anaboola pakati, n'kumatiramo kachitsulo kamazinga kochokera m'kakale. Lachisanu m'mawa ndinakatenga. Kanali kakuda bii, konyezimira, moti ndinayenda monyada ngati ndasema ndine.

Ndinakapotera pachitsulo, kumanga nati, kubwezera mawaya ndi switchi. Galimoto inakhala padzuwa la Okutobala denga lili lopinda. Masana a Mbewe anakaiyesa pamsewu. Pobwera anangondionetsa chikhatho chakumanzere. Chinali ngati cha wogulitsa makala.

Mayo ine! Ndinanunkhiza kamutu kaja: polishi wa nsapato. Osema amapaka mtengo polishi kuti uoneke ngati phingo, poti ogula ziboliboli amakonda zakuda. A Saidi anangochita mmene amachitira masiku onse. Koma chiboliboli chimakhala pashelefu, sichikumana ndi thukuta ndi dzuwa.

"Mawa pambali pa giyayi pakhala mkwatibwi, diresi loyera," anatero a Mbewe. "A Kamwendo akubwera dzuwa likapendeka. Uona wekha chochita."

Ndinachita mantha, osanama. Ndinamasulanso zonse, ndikuwapempha mawaya aja kuti asandichititse manyazi. Ndinatsuka kamutuko ndi petulo, kenako n'kukapala ndi sandipepa yokhakhala, kenako yosalala. Anzanga ankafa ndi chiseko.

"Iwe, wabwera kudzaphunzira umakaniko kapena kupolisha nsapato?"

Ndinapitiriza kupala, chifukwa pansi pa polishiyo pankatuluka china chimene chinandichititsa chidwi. Unali mlombwa, wofiirira, wa mizere yokhotakhota. Mtengo wokongola chonchi ankaubisiranji? Ndinapala mpaka zala zinatuluka matuza. Ndinkakaika padzuwa kuti katenthe, kukafumbata, kukapukuta ndi vesiti yanga yoyera. Itasiya kuda vesitiyo, ndinakabwezera pagalimoto.

A Kamwendo anafika, anakhala pampando, anagwira. Analowetsa magiya onse, anayesa switchi. Kenako anawerama n'kukayang'anitsitsa.

"Mlombwa uwu," anatero. "Mzungu uja akanauona akanachita nsanje."

Atachoka, a Mbewe anandiponyera sopo wosambira m'manja.

"Lolemba ulawirire. Pali minibasi yofuna kutsitsa giyabokosi."

Ndinakasamba kuseri kwa malata kuti anzanga asaone misozi.

Magalimoto ndakonza ambiri kuyambira nthawi imeneyo, ndipo anyamata a pagalaja yanga amandiseka akandiona nditakhala phee pampando wa dalaivala ntchito itatha. Asekeni. Chilichonse chimene kasitomala adzachigwire, ndimayamba ndachifumbata ine, kenako n'kuyang'ana m'chikhatho.