Uthenga umene ndinaudumpha pa maliro a aphunzitsi

Lachitatu lapitali ndinachita manyazi pa maliro ku Liwaladzi, ndipo mpaka lero sanandichoke.

Tinkaika maliro a aphunzitsi anga a Sitandade 6, a Kanyenda. Atamwalira Lolemba, ndinathamangira ku kanyumba ka intaneti pa boma n'kulengeza malirowo pa bulogu yanga, poti ambiri amene anadutsa m'manja mwawo ali ku Joni ndi ku Mangalande. Pofika Lachitatu m'mawa, mauthenga a chipepeso anali mbwee pansi pa nkhaniyo. Ndinawasindikiza onse osawerenga, chifukwa matola inali itayamba kale kundiimbira hutala.

Mwambo uli mkati, mkulu wa mpingo anandiitana kuti ndiwerenge mauthenga a kutali. Ndinawerenga mwaulemu, amayi akusisima. Kenaka ndinafika pa wina woyamba bwinobwino: "A Kanyenda sindidzawaiwala." Pakamwa panali patatchula kale mawuwo pamene maso anaona mzere wotsatira: "Chidakwa chankhanza, chinkatikwapula ngati ng'ombe. Bola chapita." Pansi pake anasaina kuti Wosaopa.

Ndinatsokomola, n'kutembenuza pepala.

Owerenga anga, mukudziwa mmene ndakhala ndikudzitamira kuti pa bulogu yanga sindifufuta ndemanga ya munthu. Ife tinakula tikunong'ona, kuyamba tacheuka tisanatchule boma. Matipate atabwera, tinalumbira kuti sitidzatsekanso munthu pakamwa. Mnzanga wina wa bulogu ku Lilongwe amakonda kunena kuti, "Ukangoyamba kufufuta, wasanduka boma lakale lija." Ndinkamuwombera m'manja.

Ndisaname, Wosaopa sanapeke zonse. Chikoti cha a Kanyenda ndinachilawa nanenso, ndipo kumapeto kwa mwezi botolo ankaligwiradi. Akanalemba kuti, "Ankatimenya mopyola, mpaka pano zimandiwawa," n'kuika dzina lake, ndikanazisiya. Kumeneko n'kudandaula, ndipo ufulu tinkaufunira zomwezo. Koma kuvina pamutu pa mayi wamasiye utabisala kuseri kwa kompyuta, ndi ufulu wanji umenewo?

Kale wobisa dzina ankaopa ndende. Lero akuopa chiyani? Akuopa azakhali ake, basi.

Titabwerako kumanda, mayi a Kanyenda, akazi a malemuwo, anandiitanitsa m'nyumba. Anali pamphasa pakati pa amayi a mpingo, mawu atasasa.

"Mwanangu, mapepala aja mundisiyire, ndikaike m'Baibulo."

"Mayi, awa akwinyika. Ndikasindikize ena abwino."

Zaka zonse zija akukhala ndi mphunzitsi, bodza la mwana wa sukulu amalidziwira patali.

"Pali wina munamudumpha. Ndinakumvani mukutsokomola. Ndi mwana wa yani?"

Sanafunse zimene analemba ayi. Anafunsa kwawo. Ndinayankha kuti sindikumudziwa, sanalembe dzina.

"Munthu wopanda dzina, wopanda kwawo? Nanga inu mwamulowetsa bwanji pa maliro a amuna anga?"

Zinandipweteka chifukwa zinali zoona. Wosaopa sanakwere matola. Ndinamunyamula ndine, m'thumba la jekete.

Bulogu ndi khonde la mwini wake. Aliyense akhoza kukhalapo, kutsutsa, ngakhale kundinena kuti ndine mbuli. Koma wina akayamba kutukwana alendo ako iwe uli chete, anthu sanena kuti ukulemekeza ufulu. Amati pakhomo pano palibe mwini.

Lachinayi ndinafufuta ndemanga ija, yoyamba chiyambire. Pamwamba pa bulogu ndalembapo lamulo limodzi lokha: zimene sindingathe kuwerenga mokweza pamaso pa munthu amene mukumunenayo kapena abale ake, ndichotsa. Mnzanga wa ku Lilongwe wanditcha kale nduna yoletsa nkhani. Palibe kanthu, iye sanaime pamaso pa mayi aja.

Mapepala atsopano ndinakapereka dzulo, ndipo ali m'Baibulo. Koma funso lawo ndikadali nalo, ndiye ndikulipereka kwa mwini wake. Iwe Wosaopa, ndikudziwa ukuwerenga. Mayi a Kanyenda akufunsa: ndiwe mwana wa yani?