Kapepala pa Dzanja la Azakhali

Chinkhoswe cha mwana wanga wamkazi tinachitira pa kapinga kwa achimwene anga ku Area 47, chifukwa kwathu ku Area 13 malo ndi ochepa. Ine ndinali ndi nkhawa imodzi. Mwanayo anali atatsala pang'ono kumaliza maphunziro ake kunja, kumene amapanga nawo injini za zombo zopita kumwamba, ndipo ndinamva mphekesera kuti akuchimuna akufuna asiye sukuluyo.

Injini zakezo si zija zolavula moto timaziona pa TV. Anandifotokozera kangapo pa foni, ine n'kumangoti eya. Akuti zimatenga magetsi ku dzuwa n'kumaponya kampweya pang'onopang'ono kumbuyo, ndipo zimayamba ntchito chombo chikafika kale kumwamba.

Pa chinkhoswepo, mwana wanga atalandira lichero ndi mthiko, azakhali a mwamuna anaimirira kuti alangize.

"Tamva kuti mumapanga maroketi," anatero. "Ndiye mwafika pansi tsopano, mayi. Banja silili kumwamba."

Anthu anaseka. Ndinafuna kuyankha, koma mayi wa mkwatibwi salankhula pa chinkhoswe, alipo ankhoswe. Ankhoswe athu, achimwene omwewo, ankangopukuta magalasi. Mwana wanga anali chogwada, maso ali mu lichero.

Amene anadzuka anali mkamwini, munthu amene ndinkamuyesa wamanyazi mopitirira. Anatenga kapepala kopukutira m'manja pa tebulo, nagwada pamaso pa azakhali ake, n'kukaika pa dzanja lawo.

"Aunt, mukukamva kulemera?"

"Ayi, palibe chimene ndikumva."

"Injini ya akazi angawa imakankha choncho basi. Koma siimaima, chaka ndi chaka, mpaka chombo chimathamanga kuposa zamoto zija. Ine ndinawapeza ali kale pa ulendo. Sindinabwere kudzawazimitsa, akamalize sukulu kaye."

Azakhali anayang'ana kapepalako. Anakapinda bwinobwino n'kukhala pansi.

Mwambo umati nthungululu zidikire mphete. Zanga sizinadikire. Ndinaliza ndekha, mayi wamkulu wa Mvano, duku lili pambali, mpaka alonda a nyumba yoyandikana anasuzumira pa mpanda. Ndinanyadira mwana wanga, ndinanyadiranso mwana wa eni ake.

Mwezi wotsatira tinamuperekeza mwana wanga ku eyapoti, kubwerera ku sukulu. Chikwama ananyamula ndi mwamuna wake, ndipo lichero lija linali momwemo.