Galimoto Yoopa Chisanu

Bambo a kunyumba anagula kapikapu kakale ku Bwanje chaka chimene ndinali woyembekezera kachiwiri. Chifukwa chake sitinkachitchula, koma tonse tinkachidziwa: mwana wathu woyamba ndinaberekera pa ngolo tisanafike kuchipatala, ndipo sitinabwerere naye.

Ku Bwanje kotentha kuja galimotoyo inkayenda ngati yatsopano. Itafika kwathu ku Mlangeni mu Juni, inaonetsa khalidwe lake. M'mawa akailiza inkatsokomola kawiri, n'kunjenjemera, kenako zii. Masana ayi ndithu, inkalira bwinobwino.

"Sinazolowere chisanu," anatero abambowo. "Ndi mlendo."

Mlendoyo anamufunditsa bulangete langa. Ine ndi mimba yangayo kumagona ndi chitenje, chitsulo chili m'bulangete. Tsiku lina ndinawapeza akukankhira mbaula ya makala kunsi kwa injini. Ndinakalipa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Abambowo anaitana makaniko wa ku Bwanje komweko, mkulu wofatsa woyenda pa njinga. Pokwera zitunda zonse zija ankafika dzuwa lili pamutu. Akailiza, galimoto inkalira. "Palibe vuto apa, achimwene," ankatero, n'kudya mbatata yathu, n'kumapita. Katatu konse. Atabwera kachinayi ndinatenga njinga yawo n'kuikhomera m'nyumba.

"Lero mugona konkuno, bambo. Wodwala wanu mumuone nthawi imene amadwala."

M'mamawa, nkhungu ili mbuu, makanikoyo anatsegula boneti mano akuguguda. Anauza abambowo kuti alize, iwo n'kutchera khutu. Mapulagi anali bwino, batire nalonso. Kenako anati, "Takokani choko." Abambowo anakoka kachitsulo kochepetsera mpweya wolowa mu injiniko, koma ku kabuleta sikunasunthe kanthu. Waya wake unali utaduka kalekale. Ku Bwanje palibe amene ankaukoka, ndiye ndani akanadziwa?

"Injini yozizira imafuna petulo wambiri, mpweya wochepa," anatero makanikoyo, osandiyang'ana kumaso. Anamasula waya wa buleki ya njinga yawo n'kumangapo. Kwawo anatsika ndi buleki imodzi, ndipo ndinawamvera chisoni pang'ono, pang'ono chabe.

Matenda anandiyamba m'mawa wina wa Julaye, ndisanapite n'kuchidikiro komwe. Mantha anandigwira kuposa ululu. Galimoto inalira kamodzi n'kamodzi. Abambowo anaiyendetsa osaima mpaka kuchipatala.

Mwana analira cha m'ma leveni. Namwino anatuluka kukawauza abambowo, koma pa benchi panalibe munthu. Anakawapeza panja ali pa chiwongolero, injini ikulirabe chifikireni. Anati ankaopa kuti akazimitsa, ndiye anamwino n'kutitumiza kuchipatala chachikulu ku boma, mwina ingakane.

"Zimitsani, bambo," anatero namwinoyo. "Ndi wamkazi, ndipo onse ali bwino."

Akuti anazimitsa, n'kugwetsa mutu pa chiwongolero. Hutala inalira chipatala chonse, iwo osaimva.