Ndinaliza Chigayo Tsiku la Maliro

Inu owerenga, ine ndi amene ndinachititsa kuti mtembo wa bambo anga ukhale m'nyumba mpaka dzuwa kupendeka, manda asanathe kukumbidwa. Sindinabe, sindinamenye munthu. Ndinangoliza chigayo tsiku limene sichinayenera kulira, ndipo ndinachita zimenezo ndikudziona wanzeru kuposa mudzi wonse, poti ndinali ndi digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi. Nkhaniyi ndatopa nayo kuisenza ndekha. Ndati ndiitule pano, mwina wina amene ali pasukulu lero n'kutolapo kanthu.

Kwathu ndi kumudzi wina kuseri kwa Nsaru, ukamalowera ku Kabudula. Bambo anga anali ndi chigayo cha dizilo, chakalekale, chimene anagula atagulitsa fodya zaka zija fodya ankatukula munthu. Chigayocho ndicho chinandiphunzitsa kuyambira kusekondale mpaka kuyunivesite. Chili pakamtunda, ndipo chikalira mudzi wonse umamva, mpaka kumsitu wa kumanda umene uli kutsidya kwa dambo. Zimenezi ndinkazidziwa kuyambira ndili mwana, moti sindinganame kuti ndinadzidzimuka nazo.

Kuyunivesite ndinakhalako zaka zinayi, ndipo ndinkakhoza bwino ndithu. Tinaphunzira za kutsatsa malonda, za kuyang'anira antchito, za kupikisana pamsika. Mawu awiri ndi amene anandikhala m'mutu. Oyamba anali oti makina akangokhala chete amadya mwini wake. Achiwiri anali oti mnzako wopikisana naye akatseka, mwayi ndi wako. Kunalinso phunziro lina lonena za kukhala bwino ndi anthu a dera limene ukuchitiramo bizinesi, koma limenelo tinkalitenga ngati lopumirapo, longotolera malikesi. Aphunzitsi sindingawaloze chala. Anatipatsa zonse, ine ndinangosankha zondikomera.

Tsiku lolandira digiri, bambo anavala jekete lawo limene ankapita nalo ku okushoni kukagulitsa fodya, ndipo amayi a kumphakati kwathu anandilandira ndi nthungululu kuchokera pamsewu. Aliyense ankati basi, mwana walowa mu ofesi. Ofesiyo ndinaifuna zaka zitatu. Ndinkagona kwa msuweni wanga ku Chinsapo, m'mawa n'kumayenda ndi envulopu mpaka nsapato kutha chidendene. Paliponse yankho linali limodzi, lakuti tikuimbirani. Ndinagwirako ntchito yongophunzirira pakampani ina, ndinagulitsako inshuwalansi khomo ndi khomo, ndinaphunzitsako pasukulu ina yoyima payokha. Anzanga a m'kalasi, mmodzi analowa kubanki, wina anayamba kaunjika, wina anakwera basi ya ku Joni. Ine ndinangotsala ndi kutopa, ndi mtima wowawa umene sindinkadziwa kuti ndiutulire pa ndani.

Kenaka amayi anandiimbira kuti bambo agwa kumunda. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo pakamwa panatsekeka, ankangotulutsa mawu osamveka. Panalibe wina woyang'anira chigayo. Ndikuuzeni zoona, pobwerera kumudzi mumtima ndinapumako, chifukwa ndinapeza chonena kwa anzanga: ndikukayendetsa kampani ya banja. Anthu a kwathu sachedwa kutcha munthu dzina. Sabata isanathe ndinali kale a Manijala, ndipo ine dzinalo linkandikoma, osadziwa kuti ena akuliseka.

Zina zimene ndinasintha zinali zabwino, ndipo mpaka pano sindizikana. Ndinakonzetsa lamba amene ankaduka pafupipafupi, ndinaika denga pamalo odikirira kuti amayi asamapse ndi dzuwa, ndinathetsa zolowerera pamzere. Koma panali chizolowezi chimodzi cha bambo chimene chinkandinyansa. Uthenga wa maliro ukangofika, kaya a m'mudzi mwathu kaya a mudzi woyandikana nawo, bambo ankagaya msanga chimanga cha kusiwa popanda kulandira kanthu, kenaka n'kuzimitsa injini, n'kukhoma loko mpaka maliro ataikidwa. Zigayo zina ziwiri za m'deramo zinkachitanso chimodzimodzi. Ine ndinkawerenga masiku otsekawo n'kumapukusa mutu. A Lemani, wantchito wachikulire amene ankayendetsa injini pachigayopo, ndinkawalalikira pafupifupi tsiku lililonse kuti makina akangokhala chete amadya mwini wake. Iwo ankangoti, “Chabwino, a Manijala.”

Ndinayamba pang'onopang'ono. Kumaliro ndinasiya kupita, ndinkangowapatsa amayi chipepeso kuti akanditulire. Kukakhala maliro a mudzi wina, ndinkatsegula chitseko theka. Amayi anandikhazika pansi tsiku lina nati, “Mwana wanga, maliro n'kulirana. Atate ako sanali wopusa potseka.” Ine ndinawayankha kuti njala siidziwa maliro, anthu a midzi yakutali nawonso akufuna ufa. Ndinayankhula mwaulemu, koma ndi kamtima kaja koti mayiwa sukulu sanapite patali.

Nthawi yokolola itangodutsa, anamwalira a Nachisale, mkazi wa a Gwirize. A Gwirize ndiwo mkulu wa adzukulu kwathu, amuna amene amakumba manda ndi kuika maliro. Palibe manda a m'mudzi mwathu amene khasu lawo silinakhudze, kuphatikizapo a agogo anga. Tsiku loika malirowo zigayo zina zija zinatseka, ndipo anthu a midzi yakutali amene sanamve uthenga anafika kwathu ndi ngolo zitatu zodzaza matumba. A Lemani anali kumanda, poti nawonso ndi mdzukulu. Ndinayang'ana ngolozo, ndinakumbukira za mwayi wa mnzako akatseka, ndipo ndinavula shati n'kupukusa injini ndekha.

Inali nthawi ya masana, nthawi yeniyeni yotsitsa bokosi. Mphepo inkawombera cha kudambo. Pambuyo pake ndinamva kuti akatekisiti ankachita kukuwa kuti pemphero limveke, ndipo kwaya inasiya nyimbo pakati chifukwa oyimba sankamvana. Anthu onse anatembenukira kukamtunda kuja. Ine ndinali mbuu ndi ufa, ndikusangalala kuti tsiku silinapite pachabe.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwambiri ndi chimene ndinapeza kunyumba. Bambo anali pakhonde pamene amayi anawasiya popita kumaliro. Kapu yawo ya madzi inali itagubuduzika pansi. Atandiona anakweza dzanja lamanzere, n'kumaloza kuchigayo, pakamwa pakunjenjemera, misozi ikutsika. Ndinamva bwinobwino chimene ankanena. Koma ndinatola kapuyo, ndinawathirira madzi ena, n'kuwauza kuti pepani mwamva ludzu. Inu owerenga, munthu wosayankhula ndi wosavuta kumunamiza, ndipo ine ndinanamiza bambo anga tsiku limenelo.

Palibe anandifunsa kanthu. A Gwirize tikakumana ankandipatsa moni monga kale, mwinanso kufunsa ngati ntchito ikuyenda. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, kuti anthu ayamba kuzolowera kayendetsedwe katsopano. Sindinkadziwa kuti kumudzi mlandu wotere sauweruza ndi pakamwa, amangousunga.

Bambo anamwalira mu Okutobala, kukutentha koopsa. Anthu anabwera kusiwa monga mwa masiku onse, amayi a kumphakati anaimba, abale anafika kuchokera ku Mchinji ndi ku Namitete. M'mawa wa tsiku loika maliro ndinapita kumanda kukaloza malo, monga mwana wamwamuna wamkulu. Ndinapeza adzukulu onse alipo, atakhala pamthunzi, makasu ndi mapiki ataunjika pamodzi. Nditaloza malowo, palibe anadzuka. A Gwirize ndiwo anaimirira, natola khasu limodzi, nandipatsa ndi manja awiri.

“A Manijala,” anatero, “paja chipangizo chikangokhala chete chimadya mwini wake, eti? Nali khasu, lisakudyeni.”

Adzukulu amadziwika ndi nthabwala pamaliro, ndiye ndinaseka pang'ono. Palibe anaseka nane. A Lemani anali atazolika, akujambula pansi ndi kamtengo. Apa ndinawonjezera kupusa kwina. Ndinawafunsa kuti anene chimene akufuna ndiwalipire, ntchito iyambike. Mmodzi anayankha kuti manda a kuno sakhala pa malonda, ndipo ngati ndikufuna aganyu ndikawatenge ku Chinsapo.

Ndinayamba kukumba. Amene anakumbako dothi la katondo mu Okutobala akudziwa chimene ndikunena, piki imachita kudumpha ngati wamenya simenti. Manja anga anali a cholembera ndi envulopu. Ola lisanathe matuza anatuluka, kenaka anaphulika, mpini n'kumaterera ndi magazi. Ndinkakumba, kupuma, kukumbanso, iwo akungondiyang'ana, osanyoza, osathandiza. Dzuwa litafika pamutu dzenje linali lisanapitirire m'mawondo. Kunyumba mwambo wa mapemphero unali utatha kale. Akatekisiti anatumiza munthu kawiri kudzafunsa ngati manda atha. Aliyense ankadziwa chimene kutentha kotere kumachita ndi mtembo, ndipo mtembowo unali wa munthu amene sanaphonyepo maliro a wina aliyense.

Kenaka ndinaona adzukulu akutembenukira kunjira. Anali amayi anga. Kwathu mkazi safika kumanda dzenje lisanathe, makamaka namfedwa. Iwo sanalowe mumsitu. Anagwada pafumbi m'mphepete mwake, chitenje chili kumutu, nayamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Mayi wa zaka zimenezo, amene sanagone masiku awiri, kugwadira amuna a msinkhu wa ana awo chifukwa cha ine. Ndinalakalaka dzenje losayalo likanangondimeza.

A Gwirize anapita msanga kukawadzutsa. “Dzukani mayi, inu simunatilakwire,” anatero. Atabwerera anandiuza kuti ndituluke m'dzenjemo. Anati sakukumbira ine, akukumbira mwini chigayo weniweni, amene anawagayira ufa wa maliro a ana awo awiri osalandira kanthu, n'kukhala nawo pasiwa mpaka kumapeto. Anthu khumi ndi awiri analowa ndi kutuluka mosinthana, ndipo zimene ine ndinalephera m'mawa wonse iwo anazimaliza dzuwa likupendeka.

Bambo tinawaika mochedwa, abale a kutali ena atanyamuka kale kuthamangira minibasi. Pamene bokosi linkatsika, kunali bata lalikulu, moti ngakhale kukhudzana kwa zingwe kunkamveka. A Gwirize anali ataima pafupi ndi ine. Anandinong'oneza, osati mwaukali, kuti, “Mukumva mmene kulili zii? Umu ndi mmene timaikira munthu. Ine pemphero lomaliza la mkazi wanga sindinalimve.”

Papita zaka ziwiri tsopano. Chigayo ndikuyendetsabe, chifukwa ntchito ya mu ofesi ija sinabwere ndipo ndinasiya kuidikira. Ndinapita kwa a Gwirize kukapepesa, anandilandira, koma pemphero lija sindingawabwezere. Pali mabanja amene mpaka lero amadutsa pakhomo pa chigayo changa, matumba ali panjinga, kupita kwina kutali, ndipo sindiwadandaula. Amayi sanaitchulepo nkhaniyi, ndipo kusaitchulako ndi kumene kumandilemera. Ine ndinalowa m'gulu la adzukulu. Manja anauma, koma akandiitana kuti a Manijala ndimangozolika.

Sindikuti sukulu ya bizinesi ndi yoipa, ayi. Ana anu apite, aphunzire, ndipo inu amene muli komweko limbikirani, chifukwa zambiri zimene ndinaphunzira zikundithandiza. Koma mukabwerera kwanu ndi pepala lanulo, musayambe ndi kugwetsa zimene mwapeza. Yambani mwafunsa kuti chifukwa chiyani munthu amene anakulipirirani sukulu ankachita zimene inu mukuziona ngati kutaya. Safunsa anadya phula. Bambo anga sanawerengepo buku la kayendetsedwe ka bizinesi, koma ankadziwa kuti amene amabweretsa chimanga pachigayo ndi omwewo adzakunyamule tsiku lako. Ine zimenezi ndinakaziphunzirira m'dzenje, amayi anga atagwada pafumbi.

Masiku ano uthenga wa maliro ukangofika, ndimagaya cha kusiwa, ndimazimitsa injini, ndimakhoma loko. Kiyi ndimakamupachika pakhonde paja, pa msomali umene uli pamwamba pa mpando wa bambo. Nthawi zonse ndimaima pamenepo pang'ono, kufuna kuwauza kuti tsiku lija ndinamva chimene ankaloza, ndipo ndinkadziwa kuti silinali ludzu.