Aphunzitsi a Tembo Sanatengepo Chikho

Loweruka lapitali tinaika aphunzitsi a Tembo. Amene munaphunzira pasekondale yamasana ya kwathu kuno, kuseri kwa Ludzi, mukuwakumbukira: aatali, osasekaseka, wezulo pakhosi ngakhale popita kutchalitchi. M'kalasi ankaphunzitsa zaulimi. Panja ankaphunzitsa mpira. Anagwira timu ya sukuluyo mpaka kupuma pantchito, ndipo chikho sanatengepo ngakhale chimodzi.

Ndayamba ndi zimenezi dala, chifukwa pamaliro panalibe wozinena.

Olankhula analipo asanu ndi awiri. Aliyense ankayamba n'kulonjeza kuti sataya nthawi, kenako n'kuitaya. Wina anati malemu anali chimphona cha masewera m'boma lonse la Mchinji. Wina anati timu yawo inkaopedwa mpaka tsidya la boda. Ine timuyo ndinaionera ndi maso angawa. Inkagonja kwa Dambe. Inkagonja kwa Zulu. Tsiku lina inagonja pabwalo lake lomwe ndi anyamata a pamsika, amene wapagolo wawo anali atamanga diso limodzi ndi kansalu.

Poti chisankho chayandikira, kunabweranso nthumwi ya aphungu. Inafika mochedwa, inakhala pampando wakutsogolo, ndipo inalengeza kuti bwana akhazikitsa chikho chokumbukira malemu, cha matimu onse a dera lino, ndi mayunifolomu omwe. Anthu anawomba m'manja. Pamaliro.

Ine m'manja sindinawombe. Maso anga anali kuseri kwa nyumba, kumunda.

A Tembo anadwalika mvula itangoyamba. Kubzala anabzala, basi. Akazi awo, aNabanda, akhala kuchipatala masabata onsewa kudikirira matenda, ndipo ana awo awiri aakazi anakwatiwa kutali. Munda unali usanaonepo khasu chibzalire. Chisoso chinali chitafika m'mawondo, chimanga chitachita chikasu ngati chikudwala malungo. Ino ndi nyengo imene aliyense wawerama pamzere wake, palibe wa manja opuma. Mlimi aliyense amene anali pamaliropo anaona zimene ndinaona ine: pakadutsa masabata awiri osapalira, aNabanda chaka chino sakolola. Aika mwamuna mwezi uno, ndipo nkhokwe idzagona yopanda kanthu chaka chonse.

Mufunsa kuti munda wa eni ukundikhudza bwanji. Ndikuuzani.

Ine ndi a Tembo sitinali mabwenzi. Matipate atangobwera kumene, mwana wanga Damiano anali Fomu 2, ndipo anamusankha kukhala wapagolo. Ndinakana. Inali nyengo ngati ino, chimanga chikufuna kupalira, fodya akufuna kubandira. Ndinamuuza mwanayo kuti mpira sulowa m'nkhokwe. Ndinamuuzanso kuti ndi sukulu yomwe aiyimitse kaye mpaka tikolole. Ine ndinalekeza Sitandade 6 yakale ija, ndipo njala sinandiphe. Makolo ambiri tinkatero. Koma mwana akasowa m'kalasi mwezi umodzi wa dzinja, kawirikawiri sankabwereranso. Ena ankakathera kuboda, kusenza katundu wa amalonda.

Loweruka lotsatira m'mawa ndinamva wezulo kumunda kwanga. Nditafika ndinapeza anyamata khumi ndi mmodzi atandanda pamizere, aliyense ndi khasu la kwawo, Damiano ali pomwepo, a Tembo ataima pachulu. Sanandipemphe. Anangondipatsa moni, n'kunena kuti imeneyi ndi pulakatisi. Ndinawauza kuti dima sindinaitane, ndipo thobwa sitinaphike. Anayankha kuti thobwa sanabwerere.

"Mwati mwana sangasewere chifukwa cha munda," anatero. "Mundawo tiuchotsapo. Mukapeza chifukwa china mudzatiuze, a Phiri, tidzabweranso."

Dzuwa lisanafike pamutu, ntchito ya masabata awiri inali itatha. Chifukwa china ndinachifunafuna. Sindinachipeze. Lolemba Damiano anapita kusukulu.

Ndinawakwiyira a Tembo zaka zitatu. Munthu kukulimira munda wonse, mkazi wako ndi anansi akuona, osakupempha n'komwe, si chinthu chokhululuka msanga. Tikakumana panjira moni wanga unali wa mawu amodzi. Zikomo sindinanenepo. Iwonso sanamufunse.

Kachitidwe kawo kanali komweko zaka zonse. Dzinja likafika, Loweruka lililonse m'mawa timu inkapita kumunda kwa makolo a wosewera mmodzi, mosinthana. Malamulo anali awiri. Wojomba m'kalasi sakhudza mpira. Ndipo wezulo salira mpaka makasu atakwana khumi ndi limodzi, chifukwa timu yoperewera silowa m'bwalo. Aliyense ankayamba pamzere wa nambala yake: wapagolo woyamba, mpaka wa nambala 11 kumphepete.

Masana ake n'kupita kukasewera.

Tsono inuyo, mwana amene wapalira m'mawa wonse mukuganiza angathamange bwanji? Ankalowa m'bwalo manja ali matuza okhaokha. Chigawo choyamba ankalimba. Chachiwiri ankangouyang'ana mpira ukuwadutsa ngati basi yodzaza. A Tembo ankaima kunja, manja kumbuyo, osakalipa. Masewera akatha ankangowakumbutsa za munda wa Loweruka lotsatira. Chilimwe kulima kunalibe, komabe ankagonja. Apo chifukwa sindikuchidziwa.

Anthu anayesa kuwalangiza. Ena anati apite kwa sing'anga, akakwirire kanthu pagolo monga amachitira anzawo. Anayankha kuti chokwirira m'nthaka chimene iwo amachidziwa ndi mbewu ndi fetereza. Ena anati asiye zolimazi ngati akufuna chikho. Anayankha kuti chikho sichinamalizitsepo mwana Fomu 4.

Damiano anamaliza. Anamwetsedwa zigoli zosawerengeka, koma anamaliza. Lero amayendetsa thiraki ya katundu yodutsa paboda, ndipo mapepala achizungu amawerenga yekha.

Komaliza kuonana ndi a Tembo kunali kuchigayo, mvula isanagwe. Anali ataonda, jekete ikuwalendewera. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati chifukwa china chija ndinachipeza. Ndinawauza kuti ndikufunabe. Anagwedeza mutu, n'kukweza thumba lawo panjinga. Pamenepo ndi pamene ndikananena mawu aja. Sindinanene.

Tibwerere kumaliro. Asanu ndi awiri aja atamaliza, woyendetsa mwambo anati pakufunika kholo limodzi loti lilankhule m'malo mwa makolo a ophunzira akale. Analoza ine, mwina poona imvi. Ndinaimirira.

"Malemu chikho sanatenge," ndinatero. "Munda wawo uli m'tchire. Tikasesa, Lachiwiri ine ndibwera ndi khasu."

Ndinakhala pansi. Palibe anawomba m'manja. Pobwerera mkazi wanga anandiuza kuti ndachititsa banja manyazi.

Mwina ndinaterodi. Koma tiyeni tifunsane, owerenga. Kodi tinayamba liti kuyeza munthu ndi chikho? Chibwerere matipate zikho zamera ngati bowa. Aliyense wofuna mavoti amagula chikho ndi mipira iwiri, n'kulembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu. Anyamata amathyolana miyendo miyezi itatu. Chisankho chikatha, chikho chimakakhala pamwamba pa kabati, akangaude n'kumangamo nyumba. Ndani mwa ogula zikhowa anafunsapo ngati wosewera wadya? Ndani anafunsapo ngati Lolemba apita kusukulu?

Ndipo pamaliro tazolowera kunama. Timayesa tikumulemekeza womwalirayo pomupatsa zimene analibe. Potero timakwirira ndi zimene anali nazo zomwe. Munthu anasunga ana a eni m'kalasi ndi khasu, ife n'kumutchula chimphona cha zigoli. Si ulemu umenewo. N'kusamudziwa.

Akuti maliro n'kulirana. Inde. Koma misozi sipalira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Chikho cholonjezedwa pamanda ndi fodya wa pachala.

Osewera akale analipo ambiri pamaliropo, ndi amene ananyamula bokosi. Palibe analonjeza kubwera. Damiano yemwe anandikokera pambali n'kundiuza kuti thiraki yake ili pamzere kuboda, mapepala akhoza kutuluka Lachiwiri lomwelo, ndipo bwana wake samva za minda. Ndinamuuza kuti sindinamuitane. Ndinanena za khasu langa, osati lake.

Lachiwiri ndinafika mame asanaume. Ndekha. Ndinayeza munda ndi maso, n'kuyeza msana wanga, ndipo ndinaona kuti ndidzamaliza kupalira anzathu akukolola. ANabanda anatuluka, duku lakuda kumutu, n'kundiuza kuti ndisadzivute, Mulungu aona. Ndinawayankha kuti Mulungu anaona kale, n'chifukwa chake anatipatsa makasu.

Ndili kulavulira m'manja kuti ndigwire mpini, ndinamva belu la njinga.

Woyamba kufika anali wogulitsa nyama pamsika, mimba ili patsogolo, amene kale ankathamanga m'bwalo ngati gwape. Kenako katekisiti wa kwa Dambe. Kenako awiri ogulitsa zitenje za ku Chipata, panjinga imodzi. Ena sindinawazindikire msanga chifukwa cha ndevu ndi dazi. Mayina sankatchulana, ankaitanana ndi manambala.

"Faifi, ukadali moyo?"

"Ndilipo, Naini. Nanga mimba iyi ndi ya miyezi ingati?"

Womaliza anali Damiano, ndi khasu lobwereka. Za thiraki sindinamufunse. Ananena yekha kuti mapepala akatuluka amudikira, poti iyenso wawadikira masiku anayi.

Anandanda pamizere. Anawerengana. Khumi. Mzere wa nambala 11 unalibe munthu, mwini wake tinamuika chaka chatha. Anaima chilili, makasu pamapewa, amuna akuluakulu a mabanja awo, osayamba. Dzuwa likukwera. Ndinawafunsa chimene akudikira.

"Ababa, tili khumi," anatero Damiano. "Lamulo mukulidziwa."

Ndinawauza kuti ine mpira sindinaumenyepo chibadwire, ndipo ndimadana nawobe.

"Palibe vuto, madala," anatero wanyama uja. "Timu ino odziwa mpira sinakhalepo nawo."

Ndinapita kumzere wa kumphepete. ANabanda analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi wezulo uja, chingwe chake chitada ndi thukuta la zaka. Anamuyang'ana kanthawi. Ataimba koyamba munangotuluka mpweya. Kachiwiri wezulo analira.

Tinalima. Chigawo choyamba analimba. Chachiwiri, monga mwa mwambo wa timuyi, anafooka, ndipo nambala 11 wa imvi anawasiya ndi mizere iwiri. Sindikudzitama, ndikungolemba zimene zinachitika. Dzuwa litapendeka tinali titafika pachulu cha kumapeto kwa munda, chisoso chonse chitagona chagada. Anagwirizana kuti kubandira abweranso, ndipo anandichenjeza kuti ndisadzachedwe papulakatisi.

ANabanda anafuna kundithokoza. Ndinawaletsa. Zikomo wofunika pamundapo anali wanga, wochedwa zaka zambiri, ndipo ndinali nditamunena kale ndi msana. Ukundipwetekabe pamene ndikulemba pano.

Chikho cha aphungu sitinachione. Mwina chibwera, mwina chidikira kuti mavoti awerengedwe kaye. Chikabwera chidzapite kwa omwetsa zigoli, ife sichikutikhudza. Ndadutsa pamundapo dzulo mvula itakata. Chimanga chayamba kudzuka. ANabanda akolola.

Inu amene munawomba m'manja Loweruka lija, makasu anu ali kuti? Kubandira ndi Lachiwiri likudzali. Timu yakwana, koma pabenchi malo alipo.