Dirafuti ya Pakhonde pa Chiringa

Amake Tadala, lero zakwana zaka ziwiri chitisiyireni. Sindinalire. Ndapita kumunda, ndabwerako, ndakonza tcheni cha njinga. Madzulo Tadala wabwera ndi ntchito ya kusukulu, yoti afotokoze m'Chizungu masewera amene amakonda. Akuti, "Ababa, aphunzitsi ati Chizungu chikandivutanso ndibwereza kalasi." Ndakumbukira tsiku lija mvula inatitsekereza pakhonde la golosale pa Chiringa, Tadala ali kumsana. Munajambula dirafuti pakatoni, tikusewera ndi zotsekera mabotolo. Lamulo lanu linali loti tizilankhula Chizungu chokha, wolankhula Chichewa kapena Chilomwe amudyere chimodzi. Ine ndinangotseka pakamwa mpaka ndinakudyerani zonse. Munaseka, n'kunena kuti, "Mwapambana, bambo a Tadala, koma mwanayu mudzamuphunzitsa ndi manja?"

Zotsekera zija ndazipeza m'chitini cha misomali. Ndajambula dirafuti pansi, lamulo lomwe lija. Mawu anu a Chizungu ndatsala nawo awiri okha, "your turn". Ndawanena. Tadala wayankha zambirimbiri, mothamanga ngati inu. Kaya n'zolondola, kaya n'zolakwika, woti ndimufunse palibe. Ndangokankha chotsekera changa. Pumulani, amake Tadala.