Mfumu ya Pamchombo

A Americo Namphinda amakonza njinga za kabaza ku Muloza, pansi pa mtengo wa mango, ndipo sachedwa kupsa mtima munthu akawabwezera sipanala ili ndi matope. Koma amayi a m'deralo amawadziwa ndi china: khobidi la siliva limene anabwera nalo kuchokera ku Milange nthawi ya nkhondo, atalisokerera mumpendero wa kabudula. Linali la agogo awo, ndipo munthu wa chisoti amene ali pakhobidipo anafufutika mphuno kalekale.

Khanda likatuluka mchombo, mayi ake amakabwereka khobidilo n'kulimangirira pamchombopo ndi kansalu. Anamwino amanena kuti mchombo umabwerera wokha, koma a Americo amangoti khobidi lawo silinalepherepo. Salipiritsa. Amangofuna kudzamuona mwanayo akayamba kuyenda.

Tsiku lina kunabwera bambo wogula zinthu zakale. Atalitembenuzatembenuza khobidilo, anati mwina linasulidwa ndi mfumu ina ya kutsidya kwa nyanja italanda mzinda wa eni ake, kuti aliyense wogula mchere aziona nkhope ya amene anamugonjetsa. Ndiye anapempha kuti amugulitse.

A Americo anaseka, n'kuloza mayi Sheila amene ankadikira pambali, khanda lili kumbuyo.

"Pepani bambo, mfumuyi ili ndi ntchito lero," anatero. "Kwawoko inalanda mzinda, koma kuno imagona chafufumimba pamimba pa ana athu, ndipo ambiri anaikodzerapo kale."